A Titsegule ndi Galimoto ya Mkamwini

Alamu anga, amuna a achemwali anga, sankatha kuona chinthu chotseka n'kuchisiya. Anthu ena akamva galimoto ikulira mwachilendo amada nkhawa. Iwo ankamwetulira, n'kupendeketsa mutu ngati nkhuku yomva chiwala m'udzu, kenaka n'kunena mawu omwe aja: "Titsegule tione." Mawuwo anawamatirira mpaka dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso chokha. Msewu wathu wonse unkawadziwa kuti a Titsegule.

Sanali makaniko. Anali dalaivala wa malole, ndipo atapuma ntchito anabwera kunyumba ndi chilole chakalekale chimene kampani inachitaya. Chimenecho ndicho chinali bwenzi lawo. Injini yake inali ndi malo ngati chipinda, moti ankakhala m'katimo miyendo ili lende, kapu ya tiyi ataikhazika pa batire. Ine, mwamuna wanga atamwalira, ndinadzakhala m'kanyumba ka kuseri kwa mpanda womwewo, choncho zonsezi ndinkaziona ndi maso angawa.

"Alamu, lero chavuta n'chiyani?" ndinkawafunsa.

"Palibe."

"Nanga mukumasuliranji?"

"Ndikufuna ndione chifukwa chake sichikuvuta."

Anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito, ndipo muyenera kukamvetsa chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Sankalemba kanthu, sankajambula kanthu. Chilichonse chimene amasula ankachiyala pansi pabwalo, choyamba pafupi ndi galimoto, chachiwiri patsogolo pake, chachitatu patsogolo pa chachiwiri, bawuti iliyonse pambali pa chitsulo chake, mpaka mzere utatha. Pobwezera ankayambira kumapeto n'kumabwerera chafutambuyo. Ankati munthu wosochera m'tchire amatsata mapazi ake. Mzerewo ukakhala pansi, tsache linali loletsedwa. Achemwali anga, amene anagwira ntchito ya uzamba moyo wawo wonse ndipo fumbi ankadana nalo ngati matenda, ankaima pakhonde tsache lili m'manja, akupuma mwamphamvu.

"Azamba, musayandikire," ankatero alamu, poti ndi mmene ankawaitanira akazi awo. "Pamene mwapondapo ndi Lachiwiri. Mukasesa pamenepo ndiye kuti Lachiwiri lapita."

Anatsegulapo wotchi yapakhoma, wailesi, makina osokera a telala wa pakona, ndi sikelo ya mwini golosale, imene pambuyo pake inayamba kunena zoona, mwini wake n'kukwiya mwezi wathunthu. Zambiri zinkatsekeka bwinobwino. Koma ukalamba suchita odi. Alamu anayamba kuiwala. Kiyi ankapezeka m'chitini cha shuga. Tsiku lina anandiitana ndi dzina la malemu amayi athu. Kenaka anaiwala kuika mwala kutayala, chilole chija chinatsetsereka pa jeke n'kuwaphonya mwendo ndi mpata wa chala chimodzi.

Mwana wawo wamkazi, yekhayo amene anali naye, anabwera tsiku lomwelo. Iyeyu amakhala mumzinda waukulu, m'nyumba zosanjikizana, pamwamba penipeni. Chilolecho anachitumiza kwa a zitsulo zakutha, ndipo anawakhazika bambo ake pampando ngati mwana wasukulu.

"Bambo, ndikunena pamaso pa amayi ndi amayi aang'ono. Mukadzatsegulanso chinthu n'kulephera kuchitseka, ndidzabwera ndi chikwama. Mukakhala kwathu."

"Kwanu kuja kuli bwalo?"

"Kuli khonde."

"Khonde loti nkhunda ikatera mchira umatsalira panja?"

"Lomwelo."

Alamu anaseka, koma ine ndinaona kuti mantha awagwira. Anali atagonako kamodzi kumwambako, ndipo anabwerako akunena kuti tsiku lonse anangokhala pawindo kuwerenga madenga. Kwa chaka chathunthu sanamasule kanthu koposa chivundikiro cha botolo.

Ndiye kunabwera galimoto ya mkamwini.

Mkamwini wathu ndi munthu wa mu ofesi, wofatsa, wa manja osalala ngati sopo. Zaka khumi ndi zisanu za ukwati, iye ndi apongozi ake ankangolankhulana za mvula ndi za ulendo. Anali ndi chigalimoto chachitali, cha matayala ofika m'chiuno, zija anazipangira kukwera mapiri koma eni ake amangopita nazo kuntchito. Iye ndi mkazi wake ankachoka milungu itatu, ndipo anaona kuti mpanda wathu ndi wotetezeka. Anapempha chinthu chimodzi, kuti injini iziliridwa pakapita masiku angapo kuti batire isafe.

"Kuliza kokha, bambo," anatero mwana wawo powapatsa kiyi. "Boneti ayi."

"Ndamva."

"Mwamva kapena mwavomera?"

"Pitani bwino, basi ikusiyani."

M'mawa mwake analiza. Injini inalira bwino, mofewa ngati mphaka. Koma kuseri kwa chiwongolero kunayaka kanyali kachikasu, ndipo sikanazime. Alamu anakayang'ana, iko kanawayang'ana. Tsiku loyamba anatseka chitseko n'kukakhala pakhonde. Tsiku lachiwiri ndinawapeza ali m'galimotomo, chibwano chili pa chiwongolero.

"Alamu, mukupita kuti?"

"Taonani aka. Kakundiuza chinachake, koma sikakumaliza mawu."

"Si kanu. Kasiyeni kauze mwini wake."

"Ndingosuzumira. Kusuzumira si kutsegula."

Atakweza boneti anaima ali ndwii. Injini sinkaoneka. Pamwamba ponse panali chivundikiro chakuda cha pulasitiki, ndipo m'mbali mwake munali modzaza moti supuni sikanalowa.

"Abisa," ananong'ona, ndipo nkhope yawo inawala ngati ya mwana amene wauzidwa kuti m'chipinda umo musalowe.

Kuyambira pamenepo tinayamba kumva zodabwitsa. Batire anaifunafuna theka la tsiku, n'kukaipeza pansi pa mpando wa wokwera. Kachitsulo koyezera oyilo kunalibe. Masipanala awo, amene anamasula malole a dziko lonse, sankagwira kanthu, chifukwa mitu ya mabawuti inali ngati nyenyezi. Anakagula sipanala ya nyenyezi, n'kupeza kuti nyenyezizo zilipo zazikulu, zapakati ndi zazing'ono. Timapini ta pulasitiki tinkathyoka akangotiyang'ana. Kuti achotse paipi ya mpweya anayenera kuchotsa nyali yakutsogolo, kuti achotse nyali anayenera kuchotsa bampala, ndipo bampalayo inagwidwa ndi bawuti imodzi yobisala kuseri kwa tayala.

Munthu wina akanatukwana. Alamu ankangopukusa mutu mogoma.

"Alamu," anandiitana tsiku lina ali chagada pansi pa galimoto, "amene anapanga ichi ndikufuna nditamuona."

"Mumumenye?"

"Ayi. Ndingoona manja ake. Kaya ali ndi zala za kangaude, kaya anayamba waika bawutiyi m'malere kenaka n'kumanga galimoto mozungulira. Koma ndi munthu woganiza. Funso langa ndi lakuti ankaganiza chiyani."

"Ankaganiza kuti nkhalamba zina zizikhala pakhonde."

Mzere unakula. Wa chilole chija unkathera pa mpope wa madzi. Uwu unadutsa mpope, unazungulira chingwe choyanikira zovala, unakhota pakhomo panga, unatsata mpanda mpaka kukagunda geti. Achemwali ankayanika zovala akudumpha mapaipi. Mlendo aliyense ankalowa chonyang'ama ngati akuwoloka mtsinje pamiyala. Madzulo alionse alamu ankayenda mzere wonsewo manja ali kumbuyo, akung'ung'udza, ndipo ndinazindikira kuti zimene mutu wawo sunkathanso kusunga, bwalo linkawasungira.

Lachitatu la mlungu womaliza anachipeza chimene chinkavuta. Anamangirira kalilole wa achemwali kundodo, ine n'kuwaunikira ndi tochi, ndipo kuseri kwenikweni kwa injini, pafupi ndi khoma lolekanitsa injini ndi mipando, tinaona kawaya kolowa m'kachipangizo konga chala. Khoswe anali atakatafuna, n'kukasiya kakulendewera ndi ulusi umodzi.

"Ndi uyo," anatero mwachifundo, ngati apeza mbuzi yosochera. "Wakhala ukulira nthawi yaitali, iwe."

Panatsala kabawuti kamodzi ka nyenyezi yaing'ono koposa zonse. Anavala chipewa n'kukwera basi kupita m'tauni kukafuna sipanala yake.

Atangochoka kunja kunada. Mitambo inaunjikana, mphepo inayamba kunyamula masamba, ndipo madontho oyamba anagwa akuluakulu. Bwalo lathu ndi lotsetsereka, madzi akabwera amakokolola chilichonse kupita kungalande. Achemwali anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ana.

"Zitsulo za eni ake zipita," anatero achemwali. "Tenga mabeseni."

Tinatola zonse, sitinasiye ndi kapini komwe. Tinakokera mapaipi ndi bampala pakhonde mvula ikutimenya kumsana. Tikanalekera pomwepo, mwina zikanakhalako bwino. Koma achemwali anga ndi mzamba. Sangaone chitsulo chakuda n'kuchisiya. Tinatenthetsa madzi, tinatsuka bawuti iliyonse ndi sopo, tinapukuta, ndipo tinazisanja mwaulemu wake, zazitali m'beseni lawo, zapakati m'beseni lawo, zazifupi m'mbale. Zinali mbee. Kunena zoona, tinanyadira.

Alamu anafika mvula itakata, kasipanala kali m'thumba la malaya. Anatsegula geti n'kuima. Anayang'ana bwalo lonyowa, lopanda kanthu. Anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhonde, anatola bawuti imodzi m'beseni n'kuitembenuza.

"Mwatsukanso."

"Zinali zakuda," anatero achemwali, mawu akuchepa.

"Ya fumbi lofiira inali ya kutayala. Ya oyilo inali ya painjini. Ya dzimbiri inali ya pansi." Anaibweza m'beseni mosamala. "Mwachita bwino kuziteteza. Zikomo."

Akanakalipa, tikanayankha. Koma zikomo ameneyo anatilasa. Anakhala pampando osavula chipewa, ndipo patapita nthawi anafunsa kuti lero ndi lachingati. Titawauza, anawerenga zala. Ana ankabwera Loweruka.

Lachinayi anayesa. Ankatenga bawuti, kuilowetsa pabowo, kuitulutsa, kutenga ina, kenaka n'kuiwala imene ayesa kale. Pofika masana anali atabwezera paipi imodzi, nayonso chozondoka. Kawaya kaja sanakafikire n'komwe. Mkono wawo unali ngati mtengo, ndipo unatuluka m'mpatamo uli zilonda zokhazokha.

Lachisanu m'mawa achemwali anatuluka atapinda mkono wa diresi mpaka paphewa, dzanja atalipaka sopo.

"Bambo, tasunthani."

"Azamba, simungaone kanthu mmenemo."

"Ana onse a msewu uno ndinawatembenuza ndisakuona. Ingondiuzani mutu uli kuti."

Chikwatiraneni, alamu anali asanawalolepo kukhudza galimoto. Anasuntha. Achemwali anakwera pa njerwa, anatsinzina, nalowetsa mkono.

"Ndagwira chozungulira, chozizira."

"Chisiyeni chimenecho. Pitani kumanzere. Mupeza kachinthu kokhala ndi kamlomo."

"Ndakapeza. Kakukana."

"Musakakoke. Kadinikizeni kaye pamsana."

"Mukuphunzitsa ine kusakoka?"

Tinamva kuti thwa, ndipo anatulutsa kawaya konse m'dzanja. Alamu anadula podyedwapo, analumikiza pakhonde, achemwali n'kukabwezera momwemo. Anayang'anana awiriwo ngati achinyamata, ine mpaka ndinayang'ana kumbali. Koma galimoto inali idakali chigoba, nkhope yonse ili pakhonde, mabeseni ali odzaza.

Ndinapereka nzeru yanga. "Tiyeni tiifunditse lona. Tinene kuti kiyi wasowa, apite pa basi. Mupeza mlungu wina."

"Ayi, alamu. Ndinatsegula ndine. Aone."

Loweruka masana ana anafika. Mwana wawo analowa pageti akuseka, ndipo kuseka kunathera pakamwa. Anayang'ana galimoto itakhala pa njerwa tayala limodzi palibe, anayang'ana mabeseni, anayang'ana bambo ake. Sanakweze mawu.

"Amayi, chikwama chachikulu chija chili kuti?"

"Pamwamba pa kabati," anayankha alamu okha. "Sindikukana, mwana wanga. Tinapangana. Ndingopempha kuti mwini galimoto ndimuonetse chimene chinkavuta, ndisapite nacho."

Anatulutsa kachidutswa ka waya m'thumba n'kukaika m'dzanja la mkamwini. Mkamwini anakayandikiza kumaso.

"Awa ndi mano?"

"A khoswe. Ndicho chinkayatsa kanyali kachikasu."

"Kanyali kaja?" Mkamwini anavula magalasi. "Bambo, kanyali kaja kayaka zaka ziwiri. Ndapita nako kumagalaja atatu. Amalumikiza kompyuta, kamazima, ndikafika panjira kayakanso. Ndinangokazolowera." Anayang'ananso kawayako. "Kanali pati?"

Alamu anatenga ndodo ya kalilole. Mkamwini anawerama, kenaka anagwada, buluku la ulendo lili m'matope.

"Ndiye galimoto yanga m'kati ndi yotere? Nanga ichi n'chiyani?"

"Chimenecho chimapereka mpweya. Injini imapuma ngati inu ndi ine."

"Nanga chingwe ichi chikupita kuti?"

"Funso labwino. Inenso chinandizunguza masiku awiri. Tatsatani ndi chala."

Munthu amene m'mawa womwewo anaiwala ngati wamwa tiyi anayamba kutchula chiwalo chilichonse, ntchito yake, ndi chifukwa chake wopangayo anachiika pamalo opusa chotero. Mwana wawo anatuluka ndi chikwama n'kuchiika pakhonde. Palibe anachiyang'ana.

"Koma mabawuti asokonekera," anamaliza alamu. "Sindikudziwanso kwawo."

Mkamwini anayang'ana mabeseni nthawi yaitali. Iyeyu ntchito yake ndi yosanja mapepala, ndipo anaona chimene ife sitinaone.

"Sanasokonekere, bambo. Asanjidwa. Inu muzilowetsa kawaya pabowo n'kundiuza kuya kwake, ine ndizitenga m'beseni loyenera. Yokwana ndiziika chizindikiro."

"Mwamva?" anatero achemwali. "Asanjidwa."

"Azamba, musayambe."

Mkamwini anavula jekete n'kumupatsa mkazi wake osamuyang'ana. Anagwira ntchito mpaka dzuwa kupendeka, n'kupitiriza m'mawa mwake. Tinkangomva mawu kuchokera pansi pa galimoto.

"Yapakati, akamwini."

"Yapakati yakana, bambo. Mwayeza molakwika."

"Ine kuyeza molakwika? Mwailowetsa mopendama. Manja a sopowo."

"Tayesani nokha muone."

Tinamva alamu akuyesa okha. "Chabwino. Bweretsani yaifupi."

Mwana wawo anakhala nane pakhonde, jekete ili pamiyendo. Poyamba nkhope inali yomanga. Kenaka ndinamuona akutchera khutu.

"Amayi aang'ono, amuna anga akukangana ndi bambo?"

"Kuyambira dzulo."

"Kwathu satsutsa ngakhale wogulitsa tomato."

Lamulungu chakumadzulo bampala inabwerera, tayala linabwerera. Mkamwini, chala chimodzi atachimanga kansalu, anapereka kiyi kwa apongozi ake. Alamu anakana.

"Lizani ndinu. Ine ndimvetsere."

Injini inalira. Tinyali tonse tinayaka pamodzi, kenaka tinayamba kuzima kamodzikamodzi. Kachikasu kanatsalira. Kanakhala ngati kakuganiza. Kenaka nako kanazima.

Alamu sanasangalale mokweza. Anapukuta manja, anayenda mpaka pakhonde n'kuima patsogolo pa mwana wawo.

"Yatsekeka. Koma sindinatseke ndekha, ndipo usaganize kuti sindikudziwa. Mutu wanga ukudontha. Ukati tipite, tipita."

Mwanayo anawafunsa:

"Kumwamba kuja mukatsegula chiyani?"

"Mwina windo."

Mwanayo anaseka, misozi ili m'maso. "Mutsale. Koma simutsegulanso kanthu muli nokha. Muzidikira awa."

"Awa abwera liti?"

"Kutha kwa mwezi, bambo," anayankha mkamwini msangamsanga. "Chitseko chakumbuyo chimalira ndikakhota."

Ndipo ankabweradi, mwezi uliwonse, zaka zinayi. Chitseko chitatha anabweretsa fani, kenaka pampu ya madzi, kenaka njinga yamoto ya mnzake wa kuntchito. Achemwali ankakhulupirira kuti zina ankachita kupempha kwa anthu, zina ankaziwononga yekha panjira. Chakumapeto alamu sankadziwanso dzina la mkamwiniyo, ankangomuti "mnzanga uja," koma akamva galimoto pageti ankadzuka kukatenga masipanala. Anamwalira m'nyumba mwawo, pabedi lawo, windo lili lotsegula kuyang'ana pabwalo.

Masiku ano galimoto ikafa mumsewu mwathu imabwera ina kudzainyamula. Imabwerako itachira, ndipo ukafunsa mwini wake kuti inkadwala chiyani, amati kaya, asintha chinachake. Palibe amene zimamusowetsa mtendere. Loweruka kumakhala zii, osamva chitsulo chikugwa, osamva munthu akulankhula ndi bawuti ngati mwana wosamvera. Telala wa pakona makina ake akavuta amangokhala manja ali m'masaya.

Mlungu watha ketulo yanga yamagetsi inaleka kutentha. Mdzukulu wa achemwali anandiuza pafoni kuti ndiitaye, abweretsa ina. Ndinavomera. Koma nditakhala pakhonde ndinapezeka ndaitembenuza, magalasi ali pamphuno, ndikufuna poyambira. Ndinayang'ana pansi pake, m'mbali, kuseri kwa chogwirira. Panalibe bawuti ngakhale imodzi, yonse anaimata ngati dzira.

Achemwali anandiyang'ana kuchokera pampando wawo. Kenaka analowa m'nyumba pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, n'kutuluka ndi mpeni wakukhitchini.

"Yamba ndi pamsoko apo," anatero. "Koma usakoke."